Thabwa la Mabowo Khumi ndi Anayi

Ine ndi yunivesite tinasiyana mwaulemu, monga anthu awiri okwera kombi imodzi koma otsikira kosiyana. Ine ndinatsika msanga. Ndinakhalako zaka ziwiri ndi theka, ndipo mpaka lero anthu a mumzere wa nyumba zathu ku Manyame Park amandifunsa kuti tchuthi chitha liti. Ndimawayankha kuti akuluakulu akukambiranabe.

Phunziro langa lalikulu linali la kayendetsedwe ka matauni. Monga mwana wa m'Chitungwiza, kumene madzi a m'mpopi amabwera ngati mlendo wosanena tsiku, ndinkaona kuti dziko likundidikira. Koma lamulo linkati aliyense atengenso phunziro lachiwiri, laling'ono, loperekeza lalikululo. Anzanga anathamangira zamakompyuta. Ine ndinaima pa bolodi la nthawi n'kusankha limene linkayamba leveni koloko m'mawa. Aliyense amene anaimapo pa siteji ya Chikwanha mbandakucha, kulimbirana khomo la kombi yopita m'tauni ndi zigongono za anthu opemphera, sangandiweruze.

Linali phunziro la ntchito za m'myuziyamu, nyumba yosungiramo zinthu zakale. Amayi atamva anandifunsa ngati ndikupita kukaphunzira kupukuta fumbi, nati ntchito imeneyo ilipo kale pakhomo pano ndipo palibe amene akuilimbirana.

Tinalipo asanu ndi awiri. Mphunzitsi wathu anali mayi wamfupi wa Chishona, wa magalasi olendewera pa chingwe, ndipo tonse tinkangowatchula kuti a Dokotala. Sankakweza mawu. Sabata yachitatu anatitengera ku myuziyamu ina m'tauni, osati kumene alendo amaonera zinthu m'magalasi, koma pansi, kutsika masitepe, kuchipinda chosungira. Pakhomo anatilanda zolembera za inki zonse n'kutigawira mapensulo, ndipo anatipatsa malamulo. Usagwire kanthu wopanda magolovesi. Nyamula ndi manja awiri. Mphika usaugwire pakamwa. Usananyamule chinthu, dziwa kaye pomwe ukachiike. Ndinaganiza kuti lamulo lomalizali akanandiuza ndisanalembetse ku yunivesite.

Kenako anayatsa magetsi.

Ndinabwera kudzathawa dzuwa, koma ndinapezeka ndikunong'ona popanda wondiuza. Mashelefu ankapita mpaka kumene maso anga anathera. Makasu odyeka mpaka kutsala ngati chikhatho cha mwana. Mitsamiro ya mtengo yosalala chifukwa cha makosi a anthu amene palibe akuwakumbukira. Misampha, mikanda, mitondo, malichero, chilichonse chili ndi kanambala kake kolembedwa bwinobwino pamalo obisika, chilichonse chagona pa nsalu yake. Ndinaona a Dokotala akunyamula chipande pa kapilo, pang'onopang'ono, ngati akupita nacho ku ubatizo. Kwathu chipande chonga chimenecho amayi amathamangitsira mphaka. Koma m'chipinda muja ndinachiyang'ana, ndinaona kuti mbali imodzi inatha kuposa inzake, ndipo ndinazindikira kuti panali dzanja la munthu mmodzi limene linapalira mphika mbali imodzimodziyo kwa zaka zambiri. Munthuyo kulibe, koma kupendekeka kwa dzanja lake kulipo. Tsiku limenelo ndinakwera kombi yobwerera osakangana ndi aliyense, moti amayi anandigwira pamphumi.

Tsopano ndinene za amalume, chifukwa nkhaniyi ndi yawo.

Amalume anali mchimwene wa amayi. Iwo anali oyamba kubadwa, amayi omaliza, ndipo pakati pawo panali zaka pafupifupi makumi awiri. Amalume anabadwira pa famu ya fodya kumene agogo, amene anabwera wapansi kuchokera ku Malawi, ankagwira ntchito. Amayi anabadwira m'Chitungwiza momwemo, ku St Mary's, banja litachoka kale ku famu. Pa nthawi imene ndikunenayi amalume ankakhala okha m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ina pafupi ndi mashopu a Huruyadzo, ndipo Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankabwera kwathu kudzamwa tiyi ndi kudzanama.

Sindikuwanyoza. Inali mphatso. Anayendetsapo sitima yapamtunda usiku wonse woyendetsa atadwala m'mimba. Anakanganapo ndi ng'ona mumtsinje wa Manyame, ng'onayo n'kupepesa. Tikawagwira bodza ankaseka kuposa tonse, kumenya bondo, misozi kutuluka, n'kupempha shuga wina. Koma panali nkhani imodzi imene sankaseka nayo. Ankati ali mnyamata ku famu ankaimba bangwe, ndipo Loweruka anthu ankachokera m'mafamu atatu kudzakhala pa komboni pawo kuwamvera. Palibe mwa ife amene anaonapo bangwe. Amayi ankati m'nyumba imene anakuliramo munali buku la nyimbo za kutchalitchi ndi wailesi, basi. Asuweni anga, amene Chichewa amamva koma amayankha m'Chishona, ankangoti akamva liwu lakuti bangwe n'kutsinana. "Sekuru vatanga," mmodzi ankatero, kutanthauza kuti amalume ayambapo, ndipo nyumba yonse inkagwa ndi phwete. Amayi ankawauza kuti amwe tiyi asanazizire. Amalume ankaika kapu pansi, n'kutuluka kukaima pafupi ndi mpanda, manja kumbuyo, kuyang'ana mtengo wa gwafa wa aneba. Munthu wa nkhani zikwi anali ndi imodzi yokha imene ankafuna kuti tiikhulupirire, ndipo anali atawononga kale chikhulupiriro chathu chonse pa ng'ona.

Pakati pa chaka a Dokotala anatipatsa ntchito. Aliyense anapatsidwa chinthu chimodzi cha m'chipinda muja kuti achiyeze, achijambule pamanja, achifotokoze, n'kuona ngati khadi lake likunena zoona. Mnzanga wina anapatsidwa nkhwangwa yokongola ya mkuwa. Wina mkanda wa mfumukazi. Ine, molingana ndi mbiri yanga m'kalasimo, ndinapatsidwa thabwa.

Linali thabwa lakuda, lotalika ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga za zala n'kupitirira pang'ono, lokhala ndi timabowo tisanu ndi tiwiri kumapeto kulikonse. Khadi lake linali lachikasu ndi ukalamba, lotayipidwa m'Chingerezi. Linkati ili ndi thabwa lomangira masamba a fodya, lotoledwa pa komboni ya antchito pa famu ina, loperekedwa ndi mkazi wa mwini famu. Ndinaliyeza, ndinawerenga mabowo kawiri kuti ndioneke wotanganidwa, ndinajambula pamwamba pake, ndipo ndinagwirizana ndi khadi ndi mtima wonse. Kutsutsana ndi khadi kunkafuna masamba ena awiri.

Lamlungu ndinali kumalizitsa chojambulacho pa tebulo amalume atafika. Anachitenga osapempha, anachizondotsa, anachiyandikitsa kumaso.

"A Pulofesa," anatero, pakuti ndimo ankanditchulira chilowereni ku yunivesite, "bangwe ameneyu wamuvula ndani?"

Ndinawafotokozera mwaulemu wa munthu wophunzira kuti limenelo ndi thabwa lomangira fodya, ndipo zalembedwa pa khadi. Iwo anati anayamba kumanga fodya ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, fodya amamangidwa ndi chingwe pa ndodo, ndipo aliyense amene akanabweretsa thabwa la mabowo m'chigafa kapitawo akanamufunsa ngati wapenga. Msuweni wanga anayamba kale kutsina mnzake. Ndinadikira kuti kapu iikidwe pansi ndi ulendo wa ku mpanda uyambike. Koma tsiku limenelo sanatuluke. Anaika chala pa pepala langa, ndipo anayankhula motsitsa.

"Ukalitembenuze. Kunsi kwake, chakumapeto kumodzi, ukapeza mzere wodyeka mopingasa. Ndi pomwe mlomo wa chitini unkaluma, chifukwa bangwe amalowetsedwa m'chitini cha palafini kuti mawu akule. Ukakapanda kuupeza, sindidzatchulanso bangwe m'nyumba muno mpaka mudzandiike."

"Mwamva nonse," anatero amayi, akuthira tiyi.

Kunena zoona, thabwalo ndinali ndisanalitembenuze. Kutembenuza chinthu kunkafuna kuitana a Dokotala, kuyala nsalu ina ndi kukonza pilo, ndipo ine ndinali nditaona kuti kunsi kwa thabwa sikungasiyane kwenikweni ndi pamwamba pake. Lachiwiri ndinapempha chilolezo. A Dokotala anaima pambali panga. Ndinalowetsa manja awiri pansi pake monga anatiphunzitsira, ndinalitembenuza, ndipo mzere unali pomwepo. Wopingasa, wakuya ngati chikhadabo, m'kati mwake muli kufiira kwa dzimbiri.

Munthu amene sanalowepo m'nyumba imeneyo, amene sankadziwa n'komwe msewu wake, anali ataona kunsi kwa thabwa limene linagona chafufumimba pa shelefu kuyambira ine ndisanabadwe.

A Dokotala anavala magalasi awo, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa amene anandiuza. Nditawauza anati amalumewo abwere Lachinayi. Ndinaona kuti ndi udindo wanga kuwachenjeza kuti amalume nthawi zina amathira mchere wambiri m'nkhani, ndipo ndinatchulako za sitima. Sanaseke. Anati amene anatayipa khadili mwina anali munthu wosanama moyo wake wonse, ndipo taonani zimene analemba. Koma anawonjeza kuti mzerewo ukungosonyeza kuti amalume anaonapo bangwe. Ngati anaimbadi, manja awo adzanena.

Amayi anafika pa mfundo yomweyo popanda digiri. Nditawauza za mzere, anapitiriza kupinda zovala za kaunjika zimene amagulitsa pa Chikwanha, nati, "Ndiye kuti anamuonapo. Inenso ndinaonapo ndege."

Lachinayi ndinakawatenga amalume ku Huruyadzo. Ndinawapeza atakhala kale panja, atavala jekete la ukwati wa munthu wina, nsapato zopolishidwa mpaka m'zidendene. Tinakwera kombi. Munthu amene ankatha kuuza mlendo wokhala naye pampando mbiri ya moyo wake wonse tisanafike pa mlatho anangoyang'ana pawindo, akupinda ndi kutambasula zala pa mawondo. Apa m'pamene ndinayamba kuopa. Ndinaganiza kuti mwina ndikuwatengera kokawavula pamaso pa anthu, ndipo akagwidwa kumeneko sipadzakhala kuseka ndi kumenya bondo.

A Dokotala anawalandira pamwamba pa masitepe, anawomba m'manja mwa Chishona, nawatchula kuti sekuru. Anzanga asanu ndi mmodzi aja anali atabwera onse, ngakhale amene ankajomba. Amalume anasamba m'manja monga anauzidwira, ndipo atapatsidwa magolovesi oyera anawavala chala chimodzichimodzi, nanena kuti magolovesi otere anawaona komaliza pa anthu onyamula bokosi la mzungu. Titalowa m'chipinda chosungira anaima. Anayang'ana makasu, malichero, misampha ya mbewa, ndipo anandifunsa chapansipansi ngati eni ake a zinthu zonsezi akudziwa kuti zili kuno. Ndinati ambiri anamwalira. Anagwedeza mutu, navula chipewa.

Thabwa linali pa tebulo, pa pilo wake. Kufikira apo ankayankhula Chishona ndi a Dokotala, koma ataliona Chishona chinawathera, ndipo ine ndinasanduka womasulira, ntchito imene ndinaigwira moperewera. Anafotokoza kuti waya amakhala mmodzi yekha, wautali, wolowa bowo ili n'kutulukira linalo, kupita ndi kubwerera mpaka zingwe zitakwana zisanu ndi ziwiri. Anati pansi pa chingwe chilichonse pamalowa kamtengo kakang'ono kokankhira uku ndi uku pofuna mawu. Kenako anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa waya wa buleki ya njinga, wokulungidwa bwino, amene anali atamupombosola kale.

A Dokotala anakana. Anakana mofatsa, koma anakana. Anati mtengowo unauma zaka zambiri, waya akakokedwa ukhoza kung'aluka, ndipo lamulo la nyumbayo sililola kuwonjezera kanthu pa chinthu chosungidwa. Amalume anandiyang'ana ine, osati iwo.

"Ndiye mwandiitanira maliro, a Pulofesa? Kudzaona nkhope basi?"

Sindinamasulire. A Dokotala anamva okha. Anakoka mpando, anatenga nsalu yoyala pa miyendo ya amalume, nanena kuti akhoza kulinyamula atakhala pansi, aligwire monga ankagwirira. Amalume anabweza waya m'thumba pang'onopang'ono, nakhala. Ine ndinaika thabwalo m'manja mwawo.

Ndipo manja anakana.

Analigoneka pa ntchafu, anaika dzanja lamanja apa, lamanzere apo, n'kuchotsa. Analisendeza. Analitembenuza mbali ina, n'kulibweza. Zala zinkayenda pamwamba pake ngati za munthu wofufuza switchi m'nyumba ya eni. Mnzanga wa nkhwangwa uja anayamba kuyang'ana nsapato zake. Ine ndinayamba kukonza m'mutu mawu okauza amayi, ndipo ndinapeza kuti sindikufuna kukawauza chilichonse. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji.

Kenako amalume anaseka, kamodzi, m'mphuno.

"Mwini wake anali wamanzere."

Anatiitana ndi mutu kuti tiyandikire. Anatisonyeza m'mphepete mwa thabwa pamene panali posalala ndi pakuda kuposa pena, nati apa ndi pomwe pankatsamira dzanja logwira zingwe, ndipo pa bangwe wa munthu wamanja malo amenewa amakhala tsidya linalo. Anati dzanja lawo limafunafuna pokhala pake n'kumapeza pali pouma. Anati ngati sitikukhulupirira tiyang'ane chapakati, tipeza pomwe chikhadabo chokwapula zingwe chinkapala mtengo, ndipo mikwasoyo ikhala yopindikira kumanzere.

A Dokotala anazimitsa magetsi a pamwamba, anatenga tochi, naigoneka pambali pa thabwa kuti kuwala kudutse chopingasa. Pamtengo pamene ine ndinajambula posalala panatuluka timizere tambirimbiri, tosaoneka ndi kuwala wamba, topindika ngati udzu wogonekedwa ndi mphepo, tonse mbali imodzi. Tinasinthana galasi lokulitsira zinthu mmodzimmodzi. Ine thabwa limenelo ndinakhala nalo masabata atatu ndi tepi yoyezera. Ndinkadziwa kutalika kwake mpaka kachidutswa ka sentimita. Sindinadziwe kuti linali la munthu, ndipo munthuyo ankadyera dzanja liti.

"Andikhululukire mwini wake," anatero amalume, "ndiyesa mwa iye."

Anasinthanitsa manja. A Dokotala anandikodola kuti ndijambule pa foni. Chala cha golovesi yoyera chinayamba kukwapula mpweya pamwamba pa mtengo, osaukhudza, ndipo zala za dzanja linalo zinkatsika ndi kunyamuka pa zingwe zimene panalibe. Mawu a zingwezo ankawatulutsa okha m'mano, ndi kunjenjemera kwake kwa chitini, chidendene chikugunda simenti. Poyamba zinkaphonyaphonya, poti dzanja silinali lawo. Kenako zinagwirana.

Atayamba kuimba sindinawazindikire mawu. Sanali mawu a Lamlungu, okhuthala ndi tiyi ndi ng'ona. Anali mawu ang'ono, okwera, a mnyamata, otuluka m'kamwa mwa nkhalamba. Nyimboyo inkanena za kapitawo woomba chitsulo tambala asanalire, ndi za munthu wopempha aliyense wopita kumudzi kuti akauze amake kuti akubwera, angotsala kugula bulangete. Vesi lililonse chinthu chotsala kugula chinkasintha, ndipo munthuyo sankanyamuka. Amalume anatseka maso. Ndinayang'ana zala zawo, ndipo chilichonse chinkagwera ndendende pa mzere wochokera pa bowo kufika pa bowo linzake, mizere isanu ndi iwiri yosaoneka, osaphonya, maso ali chitsekere.

Pakati pa nyimbo anaima. Anakwinya nkhope, anakwapula chingwe chimodzi kawiri, kuchimvetsera, kenako ndi chala chachikulu anakankha pang'ono kamtengo kamene panalibe. Anakwapulanso, anakhutira, napitiriza. Sanachite zimenezo kuti tione. Sindikukhulupirira kuti anadziwa n'komwe kuti wachita. Ine ndakhala ndi anthu onama moyo wanga wonse, ndine mmodzi wa iwo pa mlingo wochepa, ndipo ndikudziwa kuti bodza limathamangira kokoma. Siliima kukonza chingwe chimene chasokonekera m'khutu la mwini wake yekha.

Atamaliza, m'chipindamo munangomveka makina oziziritsa mpweya. Palibe anaomba m'manja. Mtsikana wina wa m'kalasi mwathu, amene sankamva liwu limodzi la Chichewa, ankapukuta m'maso ndi golovesi, zimene zinali zoletsedwa. A Dokotala anayatsa magetsi, anatenga thabwa m'manja mwa amalume ndi manja awo awiri, naligoneka pa pilo. Kenako anatulutsa khadi lachikasu lija.

Ndinkayembekeza kuti aling'amba, ndipo ndinali wokonzeka kuthandiza. Koma m'nyumba imene ija safufuta kanthu. Anatenga rula ndi pensulo, anadula mawu akale ndi mzere umodzi wowongoka, woti munthu n'kuwerengabe zimene zinalembedwa, nati cholakwa nachonso ndi mbiri ya chinthucho, ndipo wobwera m'tsogolo ayenera kuona kuti tinasokera pati. Pansi pake analemba kuti bangwe, wa zingwe zisanu ndi ziwiri, woimbidwa ndi munthu wamanzere. Kenako anafunsa amalume dzina lawo lonse, kumene anabadwira, ndi zaka zimene anaimba. Apa panali pabwalo poti sitima n'kudutsapo. Koma amalume anatchula dzina lawo, dzina la famu, nati anaimba zaka zisanu ndi chimodzi zokha, ndipo panali wina pa famu yoyandikana nayo amene ankawaposa. A Dokotala analemba dzinalo, ndipo patsogolo pake anaika mawu amodzi, amene anandiuza kuti ndiwamasulire. Ndinati alemba kuti woimba bangwe. Amalume anapempha kuona. Sankatha kuwerenga bwino popanda magalasi, koma analiyang'ana khadilo nthawi yaitali, ali chigwirire ndi manja awiri.

Pa ntchito imeneyo ndinapeza malikisi apamwamba kuposa ena onse amene ndinapezapo pa yunivesite, ndipo theka lake linali la amalume. Za kayendetsedwe ka matauni zinapitiriza kuyenda monga matauniwo amayendera.

Tinafika ku Manyame Park dzuwa likupendeka. Amayi anali atangobwera kumsika, atakhala pa khonde la kukhitchini, akudula anyezi pa kathabwa kawo. Anatiyang'ana, anayang'ana jekete, nafunsa ngati a ku myuziyamu sanafune kuwasunga amalume komweko. Amalume anavula chipewa. Anakhala pa mpando wa pulasitiki, chipewa pa bondo. Ine ndinatsegula foni n'kuiika m'manja mwa amayi.

Anaonera ndi nkhope imene amaonera kasitomala wonena kuti abweranso mawa. Ataona magolovesi anatsala pang'ono kuseka. Mawu aja atayamba, mpeni unaima. Anaonera mpaka pothera, foni inazima yokha, ndipo anakhalabe akuyang'ana galasi lakuda.

"Achimwene," anatero, osadzutsa mutu, "munasiyiranji?"

Amalume anati famu itagulitsidwa, mwini watsopano anabwera ndi anthu ake, ndipo iwo anapatsidwa lole imodzi mabanja anayi. Agogo analamula kuti pa lole pakwere zofunda ndi zophikira basi. Amalumewo anasolola waya, anabisa bangwe mu udzu wa denga, poganiza kuti adzabwerera kudzamutenga zinthu zikakhazikika. Atafika ku St Mary's anapeza kuti ukangotsegula pakamwa kuimba Chichewa, mzere wonse umadziwa kuti ndiwe wobwera, ndipo anthu anali ndi mayina otitchulira. Agogo anati m'nyumba muno tiziimba za kutchalitchi zokha, zimene aliyense amaimba. Ananena zimenezi mwachidule, mopanda mchere ngakhale pang'ono, moti zinkamveka ngati akunena munthu wina.

"Simunanenepo zimenezi," anatero amayi.

"Sindinkafika pamenepo. Munkakhala mutaseka kale."

Amayi anapukuta mpeni pa chitenje, mbali iyi ndi iyo, nthawi yaitali kuposa imene mpeni umafuna. Kenako anafunsa ngati munthu wa m'nyimboyo anapita kwawo pamapeto pake. Amalume anati nyimboyo ndi yaitali, ku myuziyamu anangoimbako theka poopa kuchedwetsa anthu ophunzira. Amayi anati iwo sanaphunzire, ndipo sakuthamangira kulikonse.

Amalume anayang'ana manja awo, nati sangathe kuimba chimanjamanja, pafunika chogwira. Amayi anakhuthulira anyezi m'mbale, anatsuka kathabwa kaja pa ndowa, anakapukuta bwinobwino ndi nsonga ya chitenje, nagwada n'kukapereka. Amalume anakagoneka pa ntchafu, anakasendeza pang'ono, ndipo ulendo uno dzanja lamanja linapita pamalo pake lokha.